Chikondi cha M'mlengalenga Chimafuna Mtunda ndi Nthawi

Ndatopa nawo owerenga amene akangomva kuti buku likukamba za chikondi pakati pa oyenda m'mlengalenga amayamba kulipeputsa, ati ndi nthano za achinyamata. Koma amene amandikwiyitsa kwambiri ndi olemba omwe amawapatsa anthuwa poyambira. Amatenga nkhani ya mnyamata ndi mtsikana yomwe ikanachitikira mu ofesi iliyonse, n'kuiponya m'chombo, nyenyezi zili pazenera ngati zokongoletsa chabe. Za mabuku odzaza ndi zimphona za kumaiko ena zobera akazi a padziko lapansi sinditayapo nthawi.

Mfundo yanga ndi imodzi. M'buku labwino la mtundu uwu, cholekanitsa okondana chiyenera kukhala mlengalenga womwewo, mtunda wake ndi nthawi yake. Mukachotsa chombo koma nkhani n'kutsala yathunthu, wolembayo walephera.

Amene anaidziwa bwino ntchitoyi ndi Joe Haldeman, msilikali wakale wa nkhondo ya ku Vietnam, m'buku lake la 1974, The Forever War, lomwe linapata mphoto za Hugo ndi Nebula. William Mandella ndi Marygay Potter ndi asilikali oyenda m'zombo zothamanga pafupifupi ngati kuwala. Monga anasonyezera Einstein, pa liwiro lotere nthawi imayenda pang'onopang'ono kwa amene ali m'kati. Miyezi ingapo kwa iwo ndi zaka zambirimbiri kwa otsala kumudzi. Atabwerera padziko lapansi, anapeza zonse zasintha, chikhalidwe, ndalama, ngakhale kakhalidwe ka m'mabanja. Taonani luso lake! Awiriwa sakondana chifukwa cha nkhope yokongola ayi. Aliyense wa iwo ndiye munthu yekhayo wotsala amene akukumbukira dziko limene mnzake anakuliramo.

Kenaka akuluakulu a nkhondo akuwatumiza m'zombo zosiyana. Palibe wachitatu wolowerera, palibe kalata yosokera, palibe mpongozi wankhanza. Pali masamu okha: ngakhale onse awiri atapulumuka, angabwerere atasiyana zaka mazanamazana. Kutsanzikana kwawo n'chimodzimodzi maliro, pomwe onse ali moyo. Ndipo Marygay sanakhale pansi n'kumalira. Anakwera chombo chomwe chinkangopita ndi kubwerera pa liwiro lalikulu kuti akalambe mochedwa, mpaka William atafika. Lamulo lomwelo la chilengedwe limene linawalekanitsa ndi limene iye analigwiritsa ntchito podikira. Sindidziwa wolemba wina amene anasandutsa sayansi kukhala lonjezo la chikondi mwaluso chotere, ndipo ndimakwiya ndikamva anthu akulitchula kuti ndi buku la nkhondo basi.

Ululu umenewu si wachilendo kwa ife. Agogo athu amene amuna awo anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena n'kusanduka matchona, ankadziwa kuti wobwerera safanana ndi uja anapita, ndipo mudzi umene waupeza si uja anausiya.

Stanisław Lem, mu Solaris ya 1961, anatenga njira ina yolimba mtima. Nyanja yamoyo ya dziko lachilendo ikubwezera Kris Kelvin mkazi wake Harey, amene anadzipha kalekale, koma yamuumba kuchokera m'zokumbukira za mwamunayo. Kodi Kelvin akukonda munthu kapena chisoni chake chomwe? Funso lotere silikanabadwira kwina kulikonse. Shards of Honor ya Lois McMaster Bujold, ya 1986, ndi yokoma ndithu, koma ulendo wapansi wa Cordelia ndi Aral, adani awiri, ukanatheka m'nkhalango iliyonse.

Zida zilipo zambiri, olemba akungozinyalanyaza. Uthenga wochoka ku Mars umatenga mphindi 3 mpaka 22 kuti ufike kuno, kutengera pamene maiko awiriwa ali. Ndiye kuti mkazi akafunsa mwamuna wake ngati akumukondabe, angakhale mphindi zoposa 40 asanamve yankho. Mkangano wa banja ungayende bwanji pamenepo? Kupepesa kungafike mtima utauma kale. Wolemba amene akufuna kutiliza ndi chikondi cha m'mlengalenga ayambe waphunzira liwiro la kuwala ndi kutalika kwa ulendo, kenaka alole manambalawo avutitse anthu ake popanda kuwachitira chifundo.