Lamulo Lothandiza Okalamba: Mbale Yosadzaza

Pa 30 Julaye 1965, Pulezidenti Lyndon Johnson wa ku America anasaina lamulo lokhazikitsa Medicare, thumba lolipirira kuchipatala anthu a zaka 65 ndi kuposerapo. Lamulo lina la mu 2022 linawonjezerapo: kuyambira 2023 wokalamba wodwala shuga salipira koposa madola 35 pamwezi pa insulin, ndipo mu 2025 ndalama za mankhwala zotuluka m'thumba mwake zinaikidwa malire a madola 2,000.

Zimenezi n'zoyamikika, komatu tisafulumire kuomba m'manja. Thumba loyambirira la Medicare sililipira za mano, magalasi a maso kapena zothandizira kumva. Sililipiranso chisamaliro cha nthawi yaitali cha nkhalamba yosatha kudzisamala. Pamenepo munthu amapempha thandizo la Medicaid, limene kawirikawiri limadza pokhapokha chuma chake chitachepa ndithu.

Lamulo loyembekezera kuti munthu ayambe wasauka lisanamuthandize limamuvula ulemu wake. Ife akhristu, amene lamulo lachinayi la Mulungu limatilamula kulemekeza makolo, tiyeze malamulo a anthu ndi muyeso umodzi: kodi gogo wosaukitsitsa wafikiridwa?