Kodi Naruto ndi mzungu?

Mwana wa ku Ulónguè kapena ku Dómuè akaona Naruto pa foni, sangachedwe kugamula kuti ameneyu ndi mzungu. Tsitsi lake ndi lachikasu, maso ndi abuluu, khungu ndi loyera. Komatu Masashi Kishimoto, amene anayamba kumujambula mu 1999, anamupatsa dzina lachijapani, ndipo chakudya chake chapamtima ndi ramen. Funso loti anthu a m'makatuni a ku Japan, otchedwa anime, akufanana ndi yani likukhudzanso aliyense wokonza mabuku a ana m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi.

Maso akuluakulu aja ali ndi mbiri yake. Osamu Tezuka, amene katuni yake ya Astro Boy inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema mu 1963, anatengerako kajambulidwe ka Walt Disney. Diso lalikulu limaonetsa msanga mantha, chisoni kapena ukali. Mtundu wa tsitsi umathandiza kusiyanitsa anthu a nkhope zofanana, n'chifukwa chake lina limakhala lobiriwira. Akira Toriyama, mlembi wa Dragon Ball, anafotokoza kuti Goku akakula mphamvu tsitsi lake limayera pofuna kupeputsa ntchito ya womuthandiza, yemwe ankataya nthawi kulidetsa ndi inki.

Koichi Iwabuchi, m'buku lake la mu 2002, anafotokoza kajambulidwe kotere ndi mawu achijapani akuti mukokuseki, kutanthauza chopanda dziko. Mu 2009 Amy Shirong Lu anaonetsa anthu nkhope za m'makatuniwa, ndipo anapeza kuti azungu ambiri ankaziona ngati za azungu anzawo. Nkhope yojambulidwa ndi mizere yochepa ili ngati malo osalembapo, woonera amadzazapo yekha.

Ojambula a ku Japan akafuna kuonetsa mzungu weniweni amamupatsa mphuno yaitali ndi chibwano chachikulu. Wodziwa Gule Wamkulu sangadabwe nazo. Simoni amatuluka ndi nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Mtundu uliwonse umaika chizindikiro pa mlendo, koma mwini mudzi safuna chizindikiro.

Apa m'pamene mfundo ya mukokuseki imaperewera. Nkhope yopanda dziko ija pafupifupi nthawi zonse imakhala yoyera. Mwana wa ku Tokyo ndi wa ku Lisboa angathe kudziona mwa Naruto, koma mwana wa ku Lifidzi ayenera kuiwala kaye khungu lake. Munthu wakuda akaoneka, amabwera atasenza zizindikiro. Mr. Popo wa mu Dragon Ball, wakuda bii ndi milomo yofiira yotukuka, ndi wantchito, ndipo kampani ina ya ku America inachita kumusintha kukhala wabuluu isanamuonetse kwa ana.

Katuni ya Yasuke, imene Netflix inatulutsa mu 2021 motsogozedwa ndi LeSean Thomas, inayesa njira ina. Yasuke anali munthu weniweni wa ku Africa amene anafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano, natumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga mpaka 1582. Wansembe wina, François Solier, analemba mu 1627 kuti kwawo kunali ku Mozambique. M'katuniyi nkhope yake yajambulidwa mwaulemu, popanda chipongwe, ndipo iyeyo ndiye mwini nkhani. Chofooka chake n'chakuti magawo onse 6 adzaza ndi maloboti ndi matsenga, pamene za kwawo, chilankhulo chake ndi abale ake zangotchulidwa modutsa. Khungu alipeza bwino, koma Yasuke watsala munthu wopanda mudzi.

Ntchito ya PEBIMO itayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, mkangano waukulu unali wa chilankhulo. Komabe mwana wa kalasi yoyamba amawerenga chithunzi asanadziwe chilembo. Buku la Chinyanja likakhala ndi ana a khungu lotumbuluka, kapena likaonetsa mwana wakuda pokhapokha pamene nkhani ili ya umphawi ndi matenda, chithunzi chimatsutsa zimene mawu akuphunzitsa.

Wojambula mabukuwa angatengeko luso la Tezuka, la mizere yochepa ndi maso olankhula. Koma nkhope yopanda chizindikiro, ya mwini mudzi, ikhale ya mwana wa ku Angónia, wosenza mbatatesi pa msika wa Ulónguè, wovala juzi m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni. Aphunzitsi nawonso angayese okha: auze ana ajambule ngwazi, kenaka aone choko chimene anawo asankhe popaka nkhope yake.