Mpando umene subisa kanthu

M'chaka cha 1950, kampani ya Carl Hansen & Søn ya ku Odense m'dziko la Denmark idayamba kupanga mpando wa ndakhuta ndalema wotchedwa CH25. Adaulinganiza ndi Hans J. Wegner, mwana wa mmisiri wosoka nsapato wa ku Tønder, yemwe adayamba kuphunzira ukalipentala ali ndi zaka 14. Mpandowu ukupangidwabe mpaka lero, ndipo mipando yakale ya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu amachita kulimbirana pa okushoni. Ine ndimaona kuti chimene chikuwakoka ndi ichi: mmisiri adasiya ntchito yake yonse poyera, ndipo ntchito yapoyera imatheka kuikonza ikakalamba.

Tauyang'anani bwino CH25. Mulibe siponji, mulibe masipuling'i, mulibe nsalu yophimba zolakwa. Thabwa la m'mbali logwira pokhalira limapendekeka chotsika mpaka kukagunda pansi, n'kusanduka mwendo wakumbuyo. Kupendekeka kumeneko n'kumene kumakuuzani mmene mukhalire: chiuno chimalowa m'kati, msana n'kutsamira wokha. Pokhalira ndi potsamira adaluka ndi chingwe cha pepala lopota, chimene m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chidangolowa m'malo mwa udzu wa m'nyanja womwe udasowa. Wegner adachikonda chingwecho nkhondo itatha kale. Mpando umodzi umadya mamita pafupifupi 400, ndipo woluka amatha maola ngati 10 akukoka ndi manja. Akalekerera mzere umodzi, diso limauona pomwepo, monga momwe mkeka wolukidwa mwaulesi umadziululira ukangoyalidwa.

Luso lotere lili ndi kumene lidachokera. Kuyambira 1924, Kaare Klint ankaphunzitsa zopanga mipando pa sukulu ya zaluso ya ku Copenhagen. Ophunzira ake ankayeza thupi la munthu ndi mipando yamakedzana asanajambule kalikonse, kuti kutalika kwa mwendo wa mpando kuchokere pa bondo la munthu. Kuyambira 1927 mpaka 1966, bungwe la makalipentala a mumzindawo linkachititsa chionetsero chaka ndi chaka, ndipo wojambula aliyense ankabwera ndi mmisiri wake. Wegner ankagwira ntchito ndi Johannes Hansen, pomwe Finn Juhl ankagwira ndi Niels Vodder. Wojambula akalota zimene mtengo sungalole, mmisiri ankamubweza. Mmisiri akafuna kungobwereza zamakolo, wojambula ankamukankha.

Mpando wa Juhl wa mu 1945, wotchedwa 45, umaonetsa bwino kukokana kumeneku. Juhl adaphunzira zojambula nyumba, sadaphunzire ukalipentala, ndipo adalekanitsa pokhalira ndi potsamira ku mafupa a mpando kotero kuti zimaoneka ngati zikuyandama. Poikapo mikono adapasema mopyapyala, mokhota bwino. Kukongola kwake n'kosakanika, koma katundu yense wa munthu wokhalapo adatsikira pa malo ang'onoang'ono olumikizira matabwa. Popanda manja a Vodder, maganizo amenewa akadathera papepala. N'chifukwa chake zimandipweteka kumva ogulitsa akutchula dzina la wojambula lokha, ngati kuti mpando udadzisema wokha.

Børge Mogensen ndiye adaganizira kwambiri za ukalamba wa mpando. Spanish Chair yake ya mu 1958, yopangidwa ndi kampani ya Fredericia, ndi matabwa a oak ndi chikopa chokhuthala basi. Iye ankadziwa kuti chikopa chimatamuka, choncho adachimanga ndi malamba okhala ndi zokowera, kuti chikakhwepa mwini wake angokoka lamba. Poikapo mikono adapakulitsa kuti pakhale kapu ya khofi. Patapita zaka makumi angapo, chikopa chimada, thabwa limasalala pamene zikhatho zimagwira, ndipo mpando umakoma kuposa tsiku limene udatuluka m'fakitale. CH25 nawonso chingwe chikaduka amachichotsa chonse n'kuluka chatsopano pa mafupa omwewo. Apa mpamene pali mtengo weniweni wa mipando yakaleyi. Yadutsa m'manja mwa agogo, makolo ndi zidzukulu, ndipo ikadali yoti munthu n'kukhalapo madzulo alionse.

Msika suona zinthu chotere nthawi zonse. Ogula ambiri amatembenuza mpando kufunafuna chidindo cha wopanga, ndipo akachipeza mtengo umakwera kangapo, ngakhale polumikizira patagwedera. Ena amaupala ndi sandipepala n'kuupaka vanishi wonyezimira, osadziwa kuti afufuta mbiri yonse imene manja adalemba pa thabwalo. Ena amaugula n'kuletsa aliyense kukhalapo. Zimenezi zikutsutsana ndi mzimu wa Mogensen, yemwe kuyambira 1942 mpaka 1950 ankatsogolera gawo la mipando la FDB, bungwe la masitolo a makopaletivu, n'cholinga choti banja wamba likhale ndi mpando wolimba pa mtengo wofikirika.

Palinso ngongole imene sitiyenera kuibisa. Mipando ina yokongola kwambiri ya nthawiyo idapangidwa ndi teak wochokera ku Asia ndi rosewood wa ku Brazil. Mtengo wa rosewood umenewu udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha, ndipo mu 1992 pangano la CITES lidauika m'gulu la zinthu zotetezedwa kwambiri pa malonda a pakati pa mayiko. Amene ali ndi mpando wa mtengo umenewu asunga chinthu chimene nkhalango singabwezenso msanga, choncho udindo wake ndi kuusamala kuti ukhalitse.

Wofuna kuweruza mpando wotere ayambe waugwedeza amve ngati ukulira polumikizira. Ayendetse chala kunsi kwa poikapo mkono, kumene diso silifika, aone ngati mmisiri adasalaza komweko. Kenako akhalepo kwa ola lathunthu. Ukapambana mayeso atatuwa, chidindo chibwere pambuyo. Ndipo amene amaikonda mipandoyi azilipira bwino oluka chingwe, osoka zikopa ndi makalipentala amene amaikonza, chifukwa tsiku limene amisiri amenewa adzasowe, mipando yonseyi idzangokhala yoonera m'nyumba zosungira zakale.