Za Amisiri Outsa Makina Osemera Mbale za Galamafoni

Ambiri a inu mukumbukira galamafoni amene makolo athu anabwera naye kucokera ku Joni, pamodzi ndi mbale zace zakuda. Koma ngowerengeka amene anafunsapo kuti, Kodi nyimbo ilowa bwanji m'mbalemo? Lero ndifuna kunena za makina ocita nchito imeneyi, ndi kuyesa nchito ya amisiri amene awautsa atagona zaka zambiri.

Kacitidwe kace ndi aka. Atenga mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofewa, naiika pa gome lozungulira. Pamwamba pace pali mutu wokhala ndi kansonga ka mwala wa safiro, kotenthedwa ndi magetsi. Mau a nyimbo anjenjemeretsa kansongako, ndipo kasema kanjira kamodzi, kocepa monga tsitsi, kuyambira m'mphepete kufikira pakati. Pa mbale yosemedwayo aumbira cikombole ca nikelo, cimene adindira mbale zikwi zambiri.

Makina omveka koposa anapangidwa ndi a Neumann ku Berlin: VMS 70 m'caka ca 1970, ndi VMS 80 m'caka ca 1980. Pofika CD mu 1982 anthu anayamba kutaya mbale zakuda, ndipo a Neumann analeka kupanga makinawo. Tsono popeza anthu azifunanso, nyumba zokonzera nyimbo zifunafuna makina akale m'mosungira katundu, ndi kulemba mmisiri kuti awacotse dzimbiri, asinthe mipira youma, nakulungenso timawaya ta m'mutu wosema timene tinapsa.

Nchito iyi ndiitama ndithu. Munthu amene aphwasula cinthu cimene sanacipange, naleza mtima miyezi yambiri kufikira gome lizungulira mosatsimphina, maulendo 33 ndi limodzi la magawo atatu pa mphindi, ayenera ulemu. Akulu anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma ndiri nao mlandu pawiri. Coyamba, alipo ena amene asamala utoto wa kunja ndi kunyezimira kwa zitsulo, kuti alendo azizwe poona. Ici ndi cikomekome ca mkuyu. Umboni wa makina uli m'kanjira kamene asema, ndipo mmisiri woona akayang'ana ndi galasi lokulitsa, namvera ndi khutu. Gome likagwedezeka pang'ono pokha, kugwedezeka komweko kudzamveka m'mbale iri yonse imene adzadinda, ndipo sikungafafanizike.

Caciwiri, ena alalikira kuti makina akale akometsa nyimbo iri yonse. Iai. Nyimbo zambiri zimene asema lero zicokera m'kompyuta momwe, ndipo woimba akaphonya, kansonga kasema kuphonya kwace mokhulupirika. Cokometsa mbale ndico ciweruzo ca wosema. Ng'oma ikalira mwamphamvu kanjira kapita uku ndi uku, nkufuna malo ambiri. Cifukwa cace iye ayesa kuti nyimbo zonse zikwane, timizere tisagundane. Nzeru iyi sigulidwa pamodzi ndi citsulo.

Apa ndipo pali mantha anga. Mu February 2020 moto unatha nyumba ya Apollo Masters ku Banning, California, imene inali kupanga zambiri za mbale zosemapozo, ndipo dziko lonse linatsala kuyang'ana kwa a MDC ku Japan. Nyumba imodzi itapsa, osema onse anabvutika. Nanga kudzatani akadzamwalira okalamba owerengeka amene adziwa kukulunga timawaya tija? Ife a kumudzi tidziwa zimenezi: nthukutira ndi nyundo za wosula makasu zikhoza kutsala, koma ngati sanaphunzitse mphwace, mudzi ulibenso wosula.

Cotero ndinena kuti, iye amene autsa makina wacita bwino, koma nchito yace yatha theka lokha. Aimike mnyamata kapena mtsikana pambali pace, amlole aononge mbale zingapo pophunzira, kufikira dzanja lace lizolowere. Pamenepo ndidzabvomera kuti makinawo aukadi.