Fumbi la ku Kabwe ndi luso lolemba nthano za tsogolo lowawa

Chakudza sichiimba ng'oma. Aliyense wofuna kulemba nthano zasayansi zonena za kutha kwa mtundu wa anthu ayambe wasinkhasinkha mwambi umenewu ataima ku Kasanda kapena ku Makululu, m'tauni ya Kabwe. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'mabwalo momwe ana amasewera. Silinunkha, silichita phokoso, limangolowa m'magazi n'kufooketsa ubongo wa mwana mwakachetechete. Luso la nthano zamtunduwu lagona pomwepo: choopsa chizioneka ngati chinthu wamba.

Olemba ambiri amathamangira zilombo zochokera kumwamba ndi mizinda yoyaka moto. Owerenga amadzidzimuka, kenako n'kuiwala. Nthano zokhalitsa ndi zomwe mdani wake amabwera ndi nkhope yachifundo. Mu 1947 Jack Williamson analemba "With Folded Hands", momwe maloboti amateteza anthu mpaka kuwaletsa ntchito iliyonse imene ingawavulaze. Shadreck Chikoti wa ku Malawi, m'buku lake la Azotus the Kingdom la mu 2015, amationetsa anthu okhala aliyense m'nyumba yakeyake, opatsidwa zosowa zawo, koma osadziwana. Chikoti sakuwa. Amalola bata la m'nyumbazo kutilemera pamtima mpaka tidzifunse tokha ngati munthu wosapita kumaliro, wosabwereka mchere kwa mnansi, akadali munthu.

Mayi wa ku Kabwe funsoli amalidziwa. Amalangizidwa kuti mwana asasewere m'dothi, asambe m'manja, pabwalo pazithiridwa madzi. Malangizowa ndi oona ndipo amapulumutsa moyo. Komabe mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Womutsekera m'nyumba wamulanda phada, mpira wachikulunga ndi anzake. Pomwepo anyamata akukwera Black Mountain, phiri la zotsalira za mgodi, kukakumba zogulitsa chifukwa njala siidikira. Wolemba waluso saweruza mayiyo kapena anyamatawo. Amatiika pakati pawo kuti timve kuwawa kwa kusankha.

Namwali Serpell anasonyeza kuti nthaka ya Zambia imabala nthano zotere. Buku lake la The Old Drift, lomwe linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, limachokera ku mbiri yeniyeni, kudutsa pa Edward Mukuka Nkoloso ndi maloto ake opita kumwezi, mpaka kukafika ku tsogolo la timakina touluka tonga udzudzu. Tsogololo timalikhulupirira chifukwa mizu yake ili m'zinthu zomwe tikuzidziwa kale.

Kabwe ili ndi chinanso chimene wolemba sangachipeze kwina. Mu 1921, tauniyi ikutchedwa Broken Hill, anthu okumba mumgodi womwewo anafukula chigaza cha mtundu wina wa anthu akale, cha zaka pafupifupi 300,000. Mtunduwo unatha, chigazacho chili ku Natural History Museum ku London. Kwa ife, tsono, kutha kwa mtundu wa anthu si nkhambakamwa. Kunachitikapo, ndipo umboni wake unatuluka m'dzenje lomwelo limene linatulutsa mtovu. Wolemba amene adzalumikize chigazacho ndi mwana woyang'ana pawindo anzake akusewera m'fumbi sadzafunikira chilombo chilichonse.