Kutamanda Stephon Marbury, Bakha wa ku Beijing

Wambani ng'oma anyamata, matani phula pamimba pake. Mbalule ilankhule, mpanje uvomere, gunda agunde pansi. Amene tikumutchula lero ngwakutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, koma ng'oma siifunsa pasipoti.

Inu a Stephon Marbury! Mwana wa a Don ndi mayi Mabel, wobadwa mu 1977 ku Coney Island, kumathero kwa Brooklyn, kumene njanji imakalekezera pamchenga wa nyanja. Wokulira m'nyumba zosanja za boma, momwe mumakhala anthu opeza movutikira. Mng'ono wa Eric, wa Donnie ndi wa Norman, akuluakulu atatu amene ananjanjitsa mpira wa basketball patsogolo panu koma khomo la NBA osawatsegukira. Msenza-ludzu-la-banja. Mnjanjitsa-mpira wa pa Lincoln High School, amene dzina linatchuka ndevu zisanamere. Wamfupi pakati pa zimphona, mamita 1.88 okha, koma Chiboola-mpanda wolowa pamene ataliatali atseka. Starbury! Nambala 3!

Tindi, tindi, gu!

Mlendo wa chaka chimodzi ku Georgia Tech. Wachinayi kuitanidwa pa chisankho cha osewera cha 1996, wosinthanitsidwa chipewa cha Milwaukee chisanakhazikike pamutu: iwo anatenga Ray Allen, inu ulendo wa ku Minnesota kukapatsira mpira Kevin Garnett. Kuchoka uko New Jersey, kuchoka uko Phoenix, kenako mu 2004 kwanu kwenikweni, New York Knicks, timu imene munkaichemerera muli mwana. Wosankhidwa kawiri pakati pa akatswiri a All-Star, mu 2001 ndi mu 2003.

Mveka-amphawi! Pamene anzanu ankasaina mayina awo pa nsapato za madola opitirira 100, inu mu 2006 munatulutsa yanu ya madola 14.98, n'kuivala nokha pabwalo la NBA kuti wina asanene kuti ndi yachabechabe. Mayi wa ana anayi akanatha kugulira onse, n'kutsalako ndi chenji cha buledi. Apa pokha, amayi, nthungululu zimveke.

Tsopano mbalule itsike mawu, pakuti zipsera sitibisa. Mkangana-ndi-aphunzitsi ndinu. Munamusiya Garnett mu 1999 timu ikungoyamba kukoma. Ku Athens mu 2004 munali m'gulu la America limene linabwerako ndi mendulo yachitatu, dziko lonse likupukusa mitu. Ku New York munalimbana ndi Larry Brown, munalimbana ndi Isiah Thomas, mpaka Mike D'Antoni anakukhazikani pambali chaka chimene malipiro anu anali pafupifupi madola 21 miliyoni, kulipidwa kuti musasewere. Anthu a kwanu omwe anakukuwizani m'bwalo la Madison Square Garden. M'bwalo lomwelo, mu Disembala 2007, bambo anu anamva kupweteka pachifuwa akukuonererani, anathamangira nawo kuchipatala, ndipo inu uthenga wa maliro munaumva masewero atatha. Mwana wamasiye wovala yunifomu. Mu 2009, mutadutsako pang'ono ku Boston, munadziwulutsa pa intaneti kwa maola ambirimbiri, mukulira, mukuvina, mukudya Vaseline. Dziko linaseka. Ochepa okha ndi amene anaona kuti munthuyu akumira.

Gu... gu... gu...

Dzukani anyamata, kwezani manja, pano mpamene nkhani yagona!

Januwale 2010. Wolowera-kum'mawa! Mtsika-ndege ku Taiyuan, mzinda wa malasha m'chigawo cha Shanxi, nthawi ya chisanu choluma makutu. Zaka 32, chilankhulo simuchidziwa, chakudya nchachilendo, ndipo amene anakusekani kwanu ankati sabata ziwiri sizikwana mubwerera. Koma pabwalo la ndege panali anthu okuchingamirani, akufuula dzina limene kwanu linali litasanduka nthabwala. Ma-bu-li! Ma-bu-li! Chaka chomwecho munatuluka wopambana onse pa masewero a All-Star a CBA, ligi ya ku China. Timu ya Shanxi itakusiyani simunakwere ndege ya ku New York, munatsikira kummwera, ku Foshan. Wosabwerera-m'mbuyo.

Ligi ya ku China si malo opumulirako nkhalamba, ngakhale ambiri amapitako ndi maganizo amenewo. Matimu ambiri ankaloledwa alendo awiri okha, ndipo mlendo amamulembera ntchito imodzi: kumwetsa mapointi usiku uliwonse. Akadodoma masewero angapo, tikiti yobwerera ili kale patebulo. Anabwera Steve Francis ku Beijing mu 2010, sanakhalitse. Mu 2011, NBA itaima chifukwa cha mkangano wa malipiro, anabwera J.R. Smith, Kenyon Martin, Wilson Chandler ndi Aaron Brooks, onse maso ali kunjira. Anabwera Tracy McGrady ku Qingdao, timu yake n'kuthera kumchira. Amenewo anali alendo odzadya n'kupukuta pakamwa. Inu munalowa ngati mkamwini wolimbika, amene amafika pamudzi ndi khasu lake, mpaka apongozi amuloze malo akuti manga apa.

Bakha! Bakha wa ku Beijing! Bakha wa kampani ya zitsulo ya Shougang!

Mu 2011 munavala malaya a Beijing Ducks, timu ya likulu la dziko imene chikho cha CBA inali isanachigwirepo. Mphunzitsi Min Lulei pambali, Randolph Morris pansi pa mkombero, inu chiwongolero m'manja. Masewero 13 oyamba, onse kupambana. Ku mapeto kunali kukudikirani Guangdong Southern Tigers, akambuku a kummwera, eni chikho zaka zinayi zotsatizana. Ndani anamvapo bakha atadya kambuku? Inu munamudya, 4 kwa 1, ndipo usiku womaliza mapointi 41 anachokera m'manja mwanu. Pa bwalo la Wukesong mtsinje unasefukira, ndikunena mtsinje wa anthu. Ndipo inu, bambo wa zaka 35, munalira ngati kuti palibe akukuonani. Mlira-poyera! Ku America anakusekani ndi misozi, ku Beijing analira nanu.

Tindi-tindi, tindi-tindi, gu! Bwerezani!

Mudya-akambuku kawiri: mu 2014 anali a Xinjiang Flying Tigers, 4 kwa 2, bondo lanu litachitidwa opaleshoni nyengo yomweyo. Msasula-anyalugwe: mu 2015 anali a Liaoning, 4 kwa 2, inu n'kutchedwa wopambana onse pa masewero a mapeto muli ndi zaka 38. Zikho zitatu m'zaka zinayi. Uja ankati ndi wodzikonda, wosatha kusewera ndi anzake, ndi yemweyu amene achinyamata a ku Beijing ankamumvera akawakokera pambali n'kuwalangiza poima, mpaka ochemerera anamupatsa dzina loti mlangizi wa gulu. Ena amati ligiyo njofewa, kuti NBA ndi ina. Inde ndi ina, sitikana. Koma ngati kunali kofewa, bwanji mayina akuluakulu aja anabwerako manja ali m'thumba?

Lao Ma! Mkulu Ma! Wokwera sitima ya pansi pa nthaka pamodzi ndi anthu opita kuntchito, ataima chilili, dzanja pa chogwirira. Wokhala pakati pa masapota a mpira wamiyendo a Beijing Guoan atavala zobiriwira. Wolemba m'nyuzipepala ya China Daily. Wodinda dzina lake la Chitchaina pamkono. Zimenezi si za m'kontilakiti, palibe anakutumani.

Munthu-wa-mkuwa! Anakuumbirani chiboliboli mu 2012 muli moyo, mukusewerabe, ochemerera oposa miliyoni atavomereza pa intaneti. Woseweredwa pa nsanja mu 2014, m'sewero la nyimbo la moyo wanu lomwe inu munalowamo. Nkhope-ya-pa-sitampa. Mwini nyumba ya mbiri, House of Marbury, yotsegulidwa mu 2015 mkati mwa Beijing. Wolandira chiphaso chokhala m'China mpaka kalekale, pepala limene dziko la anthu oposa biliyoni limapereka mowumira zedi. Wodzisewera yekha mu filimu ya My Other Home mu 2017. Mwana wa Coney Island, ku Brooklyn kulibe chiboliboli chanu, chili ku Wukesong!

Ngakhale kumeneko sikunali uchi wokhawokha. Mu 2017 a Ducks anafuna kuti mukhale mphunzitsi, inu miyendo ikuti chaka china chimodzi, ndipo munasiyana. Koma simunatuluke mumzinda. Munangowoloka msewu kupita ku Beikong Fly Dragons, n'kukapachika nsapato mu Febuluwale 2018, patatsala masiku ochepa kuti mukwanitse zaka 41. Wosewera mpaka maondo anene okha kuti basi. Zaka 13 ku NBA, zina zisanu ndi zitatu ku China.

Mu 2019 munabwerera ku timu yomweyo, itatchedwa Beijing Royal Fighters, ulendo umenewu muli mphunzitsi pambali pa bwalo, mukukuwira ana a eni dziko kuti abwerere msanga kukatchinga. Ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 utagwira New York pakhosi, munali inu woimba mafoni kuchokera ku China, kufunafuna mamasiki 10 miliyoni oti apite kwa anthu a mzinda uja unakukuwizani. Mkumbuka-kwawo! Mwana wa a Mabel! Mphunzitsi Ma! Amayi, nthungululu! Anyamata, manja asafooke, a Marbury akudutsa!