Kaseti ndi Mawu a Gombe la Nyasa

Kampani ya Sony italengeza mu 2010 kuti yaleka kupanga Walkman ya kaseti ku Japan, olemba ambiri analira chida cha munthu mmodzi, womvera nyimbo yekha m'makutu. Maliro otere sakugwirizana ndi mbiri ya gombe la Mbamba Bay ku Tanzania. Kumeneko, monganso ku Liuli ndi ku Lituhi, kaseti inali ya gulu: wailesi ya chogwirira, yoyendera mabatire, yolira pakhonde kapena pamchenga asodzi akusoka maukonde.

Mphamvu yake inagona pa batani lojambulira. Wailesi ya boma inkaulutsa makamaka m'Chiswahili, ndipo Chinyasa, Chimpoto ndi Chimanda zinalibe malo. Koma kaseti, yomwe Philips anaitulutsa mu 1963, sinkasankha chiyankhulo. Mganda wa abambo, chihoda cha amayi ndi makwaya a Anglican, omwe mizu yawo ili mu mishoni ya UMCA ya ku Likoma, zonse zinkatha kulowa pa tepi popanda chilolezo cha mkulu aliyense. Ndipo popeza sitima ya Ilala inkalumikiza dokoli ndi Nkhata Bay, nyimbo za Chichewa za oyimba ngati Lucius Banda zinali pafupi, zosasowa womasulira.

Wina anganene kuti foni nayo imajambula, mwinanso bwino koposa. Nzoona, ndipo palibe amene akusowa tepi yomwe inkatafunidwa ndi makina n'kukulungidwanso ndi bolopeni. Chomwe chatayika n'china. Chimbale cha kaseti chinali ndi mbali A ndi mbali B, ndondomeko imene woyimba anasankha yekha, moti wofufuza ankachiwerenga ngati buku la ndakatulo. Ngakhale tepi yojambulidwa pamudzi inali ndi kapepala kolembapo dzina la gulu ndi tsiku. Nyimbo mazanamazana zothiridwa m'kakadi ka foni zimafika zili mbwee, zopanda chikuto, zopanda chaka, nthawi zina zopanda mwini. Foni ikagwera m'nyanja, zapita.

Nyasa inakhala boma palokha mu 2012, kaseti itazilala kale. Matepi otsala m'mabokosi akuchita nkhungu ndi chinyezi cha kunyanja. Wophunzira wofuna kumva mmene mganda unkamvekera m'zaka za m'ma 1980 ayenera kuyamba wapeza makina amene lamba wake sanaduke.